Tsiku Limene Singano Inaleka Kunjenjemera

Pali munthu mmodzi amene anatengedwa pa galimoto ya boma chifukwa cha mawu anga, ndipo sanabwerenso. Ndayamba ndi zimenezi kuti musandikonde msanga.

Zinali m'zaka zomalizira za chipani chimodzi, nkhondo ili mkati tsidya la malire, anthu othawa akudzaza m'midzi ya ku Nsanje ndi kwathu ku Chikwawa. Ine ndinabadwira kwa Katunga, koma ntchito ndinaipeza kutsidya kwa Shire, mbali ya kwa Makhuwira, pa sikimu ya mpunga yomwe inali m'mphepete mwa dambo. Ndinali nditangochoka ku sukulu ya zamagetsi ku Blantyre, ndipo ndinkayenda ngati magetsiwo ndinawayambitsa ndine.

Mapampu ankakoka madzi mu mtsinje n'kuthira mu damu. Pakamwa pa damulo panali geti lachitsulo lokwera ndi kutsika, ndipo likakwera madzi ankalowa mu ngalande yaikulu yopita ku minda. Ngalandeyo anaiumba ndi dothi pamalo okwera, ndipo kunsi kwa chipupa chake kunali nyumba za antchito. Ukaima pakhomo panga, madzi ankadutsa pamwamba pa mutu wako. Tinazolowera, monga munthu amazolowera chilichonse chimene sichinamulume.

Chaka chimene ndinafika n'chimenenso anabweretsa kompyuta. Anaiika mu kaofesi kokhala ndi zenera loyang'ana ku geti. Inali ndi ntchito ziwiri. Yoyamba inali kumva: kachipangizo komira mu ngalande kankaiuza pamene madzi afika. Yachiwiri inali kulamula, ndipo apa m'pamene panali mtima wanga wonse. Kompyuta imaganiza m'manambala, koma mota ya geti sidziwa nambala. Choncho m'mimba mwa kompyutamo munali kabolodi kobiriwira kamene kankasandutsa nambala kukhala mphamvu ya magetsi, n'kuitumiza ku geti pa mawaya awiri owonda. Sinali nkhani yongoyatsa ndi kuzimitsa ngati babu ayi. Mphamvuyo inkakwera ndi kutsika pang'onopang'ono, geti n'kumatsatira. Pa folo geti latsekeka, pa twente latseguka lonse, pa thwelofu lili pakati. Pa ntchito yathu timati mamiliampu, kamphamvu koti sikangayatse ngakhale babu la tochi, koma kankauza chitsulo cholemera kuposa ng'ombe poti chiime. Pa khoma la kakhumbi ka pa geti panali mita ya singano yosonyeza mphamvu imene yafika.

Getilo lisanakhale la kompyuta linali la mkulu wina amene tonse tinkangowaitana kuti a pageti. Anabadwira tsidya, ku Mozambique, n'kuoloka ali mnyamata, kalekale nkhondo isanayambe. Kwa zaka zambiri ankatsegula ndi kutseka geti ndi manja pozunguza gudumu lachitsulo. Kompyuta itabwera, manijala a sikimu anamanga gudumulo ndi unyolo n'kukhoma loko, kiyi n'kuponya m'thumba mwawo, kuti wina asamalimbane ndi makina. A pageti anatsala ndi ntchito yopaka girisi ndi kusadza namasupuni, zomera zoyandama pa madzi, ndi chikwanje. Akazi awo anali azamba a pa sikimu ponse, ndipo mkazi wanga atakhala ndi pakati ndi iwo amene ankabwera kudzamuona, atanyamula mlamba wowamba m'kambale.

Ndinkayembekeza kuti mkuluyo adana nane, poti makina anga anawalanda gudumu. Koma iwo ankangokhala pa benchi la m'kakhumbi, maso ali pa mita ija.

"A injiniya," anatero tsiku lina mondinyogodola, poti injiniya sindinali, "kasingano kanuka kali ndi malungo. Kangonjenjemera tsiku lonse."

"Si malungo amenewo, bambo. Madzi akasuntha pang'ono, kompyuta imasinthanso mawu ake pang'ono. Imalankhula ndi geti nthawi zonse."

"Ndiye kakamanjenjemera kali moyo."

"Mungatero."

Anakanda ndevu. "Nanga kutseka kukhala pa folo bwanji? Ife tikalonga kuti nkhabe, ndiye kuti palibe kanthu. Kutseka si ziro?"

Funso limenelo linandikoma ngati uchi, poti linandipatsa mpata woonetsa sukulu yanga. "Ziro anamusungira tsoka, bambo. Folo ndi kompyuta ikunena kuti tseka. Ziro ndiye kuti palibe amene akulankhula, waya waduka. Geti likaona ziro limadzitseka lokha, osadikira munthu."

"Takhuta," anathokoza m'Chisena chawo, n'kubwerera ku girisi wawo.

Panali china chimene sindinawauze, chifukwa sindinkafuna kuti makina anga achite manyazi pamaso pa munthu wa gudumu. Katswiri amene anadzalumikiza makinawo anandichenjeza kuti kompyuta ikatenthedwa imauma mutu, imangoima. Koma kabolodi kaja sikadziwa kuti mwini wake wakomoka. Kamangogwira nambala yomaliza n'kumaitumizabe ku geti, ola ndi ola, mpaka wina adzazimitse. Kumbuyo kwa bokosi la kompyuta kunali kafani kotulutsa mpweya wotentha. Katswiriyo anandigwira paphewa n'kundiuza kuti m'chigwa chino, ndi kutentha kwake kuno, ndisadzatsekeko ndi kanthu kalikonse.

Mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, tinamva kuti kukubwera mlendo wamkulu wa chipani kudzaona makina oganiza. Kutatsala tsiku limodzi, tcheyamani wa chipani wa dera lathu anafika ndi anyamata awiri a malaya ofiira kudzayendera. Munthuyu ndinkamudziwa akugulitsa nsomba zouma pa msika, koma baji ya pachifuwa inamutalikitsa msinkhu. Anasuzumira mu ofesi, n'kuyang'ana kompyuta kuyambira pamwamba mpaka pansi.

"Mlendo adzaone bokosi lamaliseche?" anafunsa.

Mmodzi wa anyamata aja anatambasula nsalu ya chipani, yatsopano, yokhala ndi nkhope ya Mtsogoleri pakati. "Livekeni," anatero tcheyamani.

Manijala anandiyang'ana, ine n'kuwayang'ananso. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za kafani, koma ndinayamba ndayesa mawuwo mumtima kuti ndimve mmene amvekere: nsalu iyi itsamwitsa makina. Ndinawameza. Masiku amenewo tinkamva za anthu osowa chifukwa chokulungira usipa m'nyuzi yokhala ndi nkhope imeneyo, ndipo za ng'ona za mu Shire tinkangonong'onezana. Ndinanyamula sikirini, n'kuyala nsalu pa bokosi, nkhope ikulendewera kutsogolo.

"Nkhope yachita makwinya. Kokani," anatero tcheyamani.

Ndinakoka. Kuti isabwererenso, ndinapisa nsaluyo pansi pa bokosi kumbuyo, mothinitsa bwino, pakamwa pa kafani pomwe. Manja anali anga, palibe amene anawagwira. Ndinadzitonthoza kuti mlendo afika naini koloko, ndipo m'mawa ndilawirira kudzamasula pang'ono.

M'mawa mwake ndinapeza ofesi yokhoma, manijala ataima pakhomo ndi anyamata aja. Lole inali ikulira, ikutenga anthu kupita ku mphambano ya msewu waukulu, ulendo woposa ola limodzi wapansi.

"Ndilowe kaye pang'ono, bwana."

"Zonse zinakonzeka dzulo," anayankha manijala. "Mukufunanso kukagwira chiyani?"

Anyamata aja anatembenuka kuti amve yankho langa. Ndinakwera lole.

Tsiku limenelo sikimu yonse inapita ku msewu, alimi, amayi ovina, ana a sukulu. Kunyumba kunatsala nkhalamba, ana aang'ono, ndi mkazi wanga amene mwezi wake unali utakwana. Pa geti anasiyapo a pageti okha kuti alondere. M'mawa uliwonse kompyuta inkayamba ndi kukweza geti pafupifupi lonse, pa eyitini, kuti ngalande idzaze, kenako n'kumalitsitsa madzi akamakwera. Koma tsiku limenelo kunalibe mlimi wotsegula timageti ta m'minda. Madzi olowa mu ngalande analibe kopita, ndipo wowaletsa anali mmodzi yekha, atafunda nsalu m'chipinda chotseka.

Naini koloko inakwana, mlendo osaoneka. Dzuwa linafika paliwombo. Phula linayamba kumata ku nsapato, amayi anaimba nyimbo imodzimodzi mpaka mawu anasasa. Ine thukuta lili kamukamu, ndinkangocheukira kumene tinachokera, ngati kuti chipupa chikagumuka ndimva ndili pamenepo. Kuchoka pamzere sikukanatheka, poti anyamata a malaya ofiira ankayenda kumbuyo kwathu ndi zikoti. Ndinkaona mkazi wanga m'maganizo, atagona pa mphasa pakhonde monga ankachitira masana, madzi ali pamwamba pake. Ndinali ndi mantha oti sindinawamvepo chibadwire, ndipo ndinkaomba nawo m'manja.

Mlendo anafika cha m'ma fili koloko. Magalimoto anatsogola, ife tikutsatira pa lole. Manijala atatsegula ofesi ndinalowa ndekha, ena akadali pakhomo kumvera tcheyamani akulandira mlendo. M'kati munali ngati mu uvuni, mukununkha pulasitiki wotentha. Nditakhudza nsalu ndinachotsa dzanja msanga. Wotchi ya pakona pa sikirini inkanena kuti hafu pasiti teni, ndipo nambala yopita ku geti inali eyitini.

Ndinathamangira pa zenera. Ngalande inali yodzaza mpaka m'milomo, madzi akunyambita udzu wa pamwamba pa chipupa, koma chipupacho chinalipo. Geti linali lotseka. Sindinamvetse, ndipo nthawi yoganiza panalibe. Ndinapisa dzanja pansi pa nsalu, kuzimitsa, kuyatsanso. Makina osindikiza ankalemba mzere umodzi pa kota iliyonse ya ola, ndipo pa pepala panali mpata woonekeratu kuyambira hafu pasiti teni. Ndinang'amba pepalalo n'kulipinda, kulilowetsa mu sokosi. Pamene alendo ankalowa, kompyuta inali itadzuka.

Chionetsero chake chinali choti ine ndilembe nambala, mlendo aone pa zenera geti likukwera popanda wolikhudza. Anaima pamenepo, manja kumbuyo. Ndinalemba twente. Geti silinasunthe. Ndinalembanso. Silinasunthebe.

"Makina oganiza aja ndi amenewa?" anafunsa mlendo, akuyang'ana manijala. "Kapena akuganizabe?"

Anthu anaseka kaseko kouma. Mlendo anatuluka osatsanzika, magalimoto n'kunyamuka ndi fumbi lawo. Tcheyamani nkhope inachita kuda, ndipo anyamata ake anali atayamba kale kuthamangira ku geti.

Tinawapeza a pageti atakhala pa benchi lawo, thalauza litanyowa mpaka m'chiuno, chikwanje chili pambali. Pa mtengo umene mawaya ankatsikira panali bala latsopano, mawaya onse awiri ali lendelende. Singano inali itagona pa ziro. Mkuluyo sanathawe, sanabisenso chikwanje. Analankhula akuyang'ana ine.

"Kanaleka kunjenjemera, a injiniya. Kanaima pa eyitini, madzi akukwera, iko chilili. Ku gudumu loko, ku ofesi loko. Ndayesa kuunjika dothi pa chipupa, nkhabe. Ndiye ndadula."

Sanapitirize, chifukwa mnyamata wina anawamenya khofi pakamwa.

Patapita masiku awiri kunabwera amuna awiri ochokera ku boma, osavala yunifolomu. Anakhala mu ofesi mwanga momwemo, wamkulu wawo pa mpando wanga. Nsalu inali ikadali pa bokosi, poti panalibe wolimba mtima kuichotsa. Kompyuta ndinali nditaizimitsa ponena kuti waya sunalumikizidwe. A pageti anawakhazika pansi, opanda nsapato, mlomo uli wotupa. Manijala anaima pakona.

Kwa amuna aja nkhani inali yotha kale. Munthu wobadwira tsidya, nthawi ya nkhondo, wadula waya wa boma tsiku la mlendo wa chipani. Chotsala chinali kudziwa amene anamutuma. A pageti anabwereza zimene anandiuza zija, mawu omwewo, osaonjezera. Kenako wamkulu uja anatembenukira kwa ine.

"Inu ndiye odziwa makinawa. Mkuluyu akuti anaima. Anaima?"

Njira yonse ndinaiona nthawi imodzi. Ndikati anaima, afunsa chifukwa. Ndikati anatenthedwa, afunsa kuti bwanji tsiku limenelo lokha, poti kuno kumatentha masiku onse. Ndipo yankho linali pomwepo pa tebulo, likutiyang'ana tonse. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Ndikanayenera kunena ndi pakamwa panga, pamaso pa anthu a boma, kuti nkhope ya Mtsogoleri inatsamwitsa makina n'kutsala pang'ono kumiza nyumba za anthu, ndiponso kuti woithinitsa ndinali ine. Apongozi anga nawonso anabadwira tsidya, ndipo amuna ngati amenewa sachedwa kufukula zotere. Pepala lija ndinali nditalitentha kale pa mbaula. Zifukwa ndinali nazo zambiri, ndipo ndakhala ndikuziwerenga zaka zonsezi, koma dzina lake lenileni ndi mantha.

"Makina anali bwino, bwana," ndinatero.

"Singano sinaime?"

"Sinaime."

Analemba m'kabuku kake. A pageti sanandiyang'ane. Anakweza maso n'kuyang'ana nsalu ija kwa kanthawi, kenako pansi.

"Iwe mdala," anatero wachiwiri uja, "munthu wosadziwa kulemba ngakhale dzina lako, unadziwa bwanji waya woti udule? Anakuphunzitsa ndani?"

Amene anawaphunzitsa ndinali ine. Mawu amodzi okha, ndipo pa galimoto ija tikanakwera awiri.

"Nkhabe munthu," anayankha a pageti. "Nzeru zanga."

Powatulutsa anadutsa pafupi nane, manja atamangidwa ndi chingwe. Anaima pang'ono.

"Amayi kunyumba madzi sanawafike?"

"Sanafike, bambo."

Anagwedeza mutu, n'kukwera galimoto.

Kulumikiza mawaya aja inali ntchito ya mphindi khumi, pulayasi ndi tepi basi. M'mawa mwake ndili pa tebulo, chala chili pa switchi, ndikuopa kuyatsa, manijala analowa n'kutseka chitseko. Sanandipatse moni. Anazungulira kumbuyo kwa tebulo, n'kusolola nsalu pamene ndinaipisa paja, kuipindira m'mwamba mpaka kafani kanaonekera. Kutsogolo nkhope inakhalabe yosalala, ndipo munthu woima pakhomo sakanaona kusintha kulikonse. Anapukuta manja ku thalauza n'kutuluka. Atapita ndinayeza pamene anapindapo. Zinali zala zinayi. Ndiye kuti nawonso ankadziwa, mwina kuyambira tsiku loyamba lija, ndipo anaima pakona n'kumamvera ine ndikunama. Ndinawada kwambiri m'mawa umenewo, chifukwa kudana ndi iwo kunali kopepukirako kusiyana ndi kudzida ndekha. Nditayatsa, ndinapita ku kakhumbi n'kupeza singano ikunjenjemera monga kale, benchi lili lokha.

Akazi a a pageti anayamba kuyenda ulendo wa ku boma, kuoloka Shire atasenza kadengu ka chakudya. Ulendo wachitatu anabwera nacho chosadyedwa. Anawauza kuti munthu wawo anasamutsidwa, osanena kuti kuti. Ena ankati ali ku ndende ya kumtunda, ena ankati anakatayidwa pa malire kuti abwerere kwawo ku nkhondo. Chipani chitagwa anthu ambiri anatuluka m'ndende, ndipo ine ndinkafunsa aliyense wobwerako, koma palibe anawaonapo.

Mkazi wanga matenda anamuyamba masana ena, patangotha milungu iwiri chitengedwereni a pageti. Kuchipatala kunali kutali, ndipo azamba athu anali omwewo. Ndinachita manyazi kukawaitana, koma anabwera okha atangomva, maso ali ofiira, nsalu yomanga m'chiuno. Ndinakhala panja pansi pa mtengo wa masawu, madzi akuyenda mu ngalande pamwamba panga. Dzuwa likupendeka ndinamva kulira kwa mwana.

Azamba anatuluka kudzandiuza kuti ndi wamkazi, ndipo onse ali bwino. Anasamba m'manja pa beseni, kenako anagwada pataliko pang'ono, monga amayi a kwathu amachitira polankhula ndi mwamuna wa mnzawo.

"A injiniya, inu munalipo tsiku lija amuna anga akufunsidwa. Iwo anandiuza pa zenera la polisi kuti kasingano kanaima, ndipo inu mukudziwa. Munawauza anthu a boma kuti kanaima?"

M'nyumba mwana wanga ankalira, pansi pouma.

"Ndinawauza, mayi."

Anaomba m'manja pang'onopang'ono, mwaulemu.

"Takhuta," anatero.